Tsiku Limene Mmodzi Anagwa pa Perete

Mwana wanga wamwamuna anatiuza zoti walowa usilikali zonse zitatha kale, mapepala atasaina. Linali Lachitatu masana, ine nditangofika kumene kuchokera ku shifiti ya m'mawa, ndikuvula nsapato m'khitchini mwathu ku Lewisham, kuno kwa Angelezi. Anayankhula m'Chingelezi monga mwa masiku onse, chifukwa iye anabadwira konkuno. Chichewa amamva chonse, koma amachiyankhula akafuna kundinyengerera basi. Bambo ake anali akumwa tiyi. Anaika kapu pansi pang'onopang'ono, nanyamuka, n'kupita panja kukayang'ana galimoto imene inalibe vuto lililonse.

Apongozi anga aamuna anali msilikali m'nthawi ya atsamunda. Anapita kunkhondo ya azungu kutsidya la nyanja akadali mnyamata, nabwerako ndi mendulo imodzi ndi chifuwa chimene anapita nacho kumanda. Amuna anga anakula akumva chifuwa chimenecho kuseri kwa khoma. N'chifukwa chake sankafuna kumva za yunifomu ya dziko lino m'nyumba mwawo. Sanakalipe. Anangosiya kumufunsa mwanayo kanthu, ndipo kwa miyezi yambiri nkhani zonse za awiriwo zinkadzera mwa ine.

Atamaliza maphunziro anamuika m'gulu la asilikali olondera nyumba ya mfumu, aja a majekete ofiira ndi zipewa zazitali zakuda, amene alendo amakonda kuwajambula. Mtima wanga unakhala m'malo pang'ono, poganiza kuti ntchito yake ndi kuimirira basi. Nditamuuza choncho anaseka.

"Mami, amenewa ndi asilikali enieni. Lero aima pachipata, mwezi wamawa awatumiza kumene kukulira mfuti. Akhala akuchita choncho zaka zoposa mazana atatu."

Ankabwera kunyumba Lamlungu lililonse limene wapeza mpata, ndipo ankandiphunzitsa zinthu zimene sindinamufunse. Magulu otere ndi angapo, ndipo umawasiyanitsa poona mmene mabatani akhalira pa jekete: ena limodzilimodzi, ena awiriawiri, ena atatuatatu. Zipewa zija ndi za ubweya wa chimbalangondo, ndipo mwambo wovala zimenezi anautengera kwa adani awo atawagonjetsa pankhondo ina yakalekale. Mbendera imene amaidutsitsa pang'onopang'ono pamaso pa mizere inkadutsitsidwa kale kuti msilikali aliyense aidziwe, kuti utsi wa onga ukachuluka adziwe kothamangira. Ankanena zimenezi akupukuta jombo pa nyuzipepala, mpaka jomboyo kuonetsa nkhope.

Ine ndagwira ntchito ya unamwino zaka zambiri, ndipo ndikudziwa chimene chimachitika munthu akaima malo amodzi padzuwa nthawi yaitali. Magazi amatsikira kumiyendo, kumutu amachepa, m'maso mumachita mdima. Tsiku lina ndinamufunsa kuti iwo amatani.

"Timagwedeza zala zakumapazi m'kati mwa jombo. Sitiumitsa mawondo. Timadya m'mawa, timamwa madzi."

"Nanga zikakanika?"

"Umagwa chowongoka ngati thabwa, mfuti ili m'manja. Sukhala pansi, sugwira mnzako."

"Chafufumimba? Nkhope pamiyala?"

"Eya."

"Nanga amene waima naye pafupi amatani?"

"Sacheuka n'komwe. Alipo anthu a machira, imeneyo ndi ntchito yawo."

 Ku wadi kwathu munthu akangoterereka pampando, tonse timasiya zimene tikuchita.

Miyezi itapita anayamba kubwera ndi mnzake wa kukampu, mnyamata wa ku Chipata amene anachita kuchokera ku Zambia kudzalowa usilikali kuno. Analibe m'bale aliyense m'dziko muno. Tsiku loyamba anandipatsa moni atagwira chigongono, nati, "Muli bwanji, amayi?" Ndinali ndisanamve moni wotero kuchokera kwa mnyamata wa msinkhu umenewo kwa zaka. Ankadya chilichonse chimene ndamupatsa, n'kutsuka mbale asanauzidwe. Ngakhale bambo ake a mwana wanga ankacheza naye, za mpira ndi za mseu wa ku Mchinji, nkhani zimene sankakamba ndi mwana wawo. Anyamata awiriwo anali ofanana msinkhu ndendende, ndipo poti pa perete amawandanda potengera kutalika, nthawi zonse ankaima moyandikana.

M'mwezi wa Juni kumakhala perete wamkulu wa tsiku lobadwa la mfumu, ndipo Loweruka lake lisanafike amayeserera kaye pamaso pa anthu, atavala zonse. Mwana wanga anatipezera matikiti awiri a Loweruka loyeserera. Ndinkayembekezera kuti bambo ake akana. Anangoti, "Ndikuperekezani, mungasochere."

Lamlungu lomaliza lisanafike tsikulo, mnyamata wa ku Chipata uja anasiya mpunga m'mbale. Maso ake anali ofiira. Ndinamugwira pamphumi ndi kumbuyo kwa dzanja, ndipo anali wotentha pang'ono.

"Ukawauze akuluakulu ako," ndinatero.

"Ni chimfine chabe, amayi. Nikawauza azanichotsa pa mzere. Amayi anga kunyumba ayembekeza vidiyo."

Ndinamupatsa mapiritsi awiri a mutu, n'kumusiya. Wodwala wa ku wadi akanandiyankha choncho sindikanamusiya.

Loweruka lija kunacha kopanda mtambo. Pokwera sitima pa Lewisham nthawi ya m'ma eyiti, mipando inali itatentha kale. Dzulo lake mwana wanga anali ataimba foni mwachangu kutiuza powapeza: gulu lachiwiri kuchokera kumene kwaima bandi, mzere wakumbuyo, chapakati. "Mukaona awiri akuda moyandikana, ndife. Ine ndili kumanja." Sindinafunse kuti kumanja kwa ndani.

Malo a perete ndi bwalo lalikulu la timiyala, lozunguliridwa ndi nyumba zakale zaboma, mopanda mtengo wopatsa mthunzi. Mipando yathu inali pamwamba, ndipo asilikali atalowa n'kuima, tinazindikira kuti gulu la mwana wathu latifulatira. Tinkaona misana yofiira, malamba oyera, zipewa zakuda zotsika mpaka m'khosi. Khungu la munthu linkaoneka pamanja pokha. Bambo ake anatulutsa foni, nakokera chithunzi pafupi, n'kuyamba kuyenda nacho mumzere wakumbuyo.

"Awo," anatero. "Manja awiri akuda. Ayandikana."

Ndinawaona. Anali ofanana ngati mapasa. Mwana amene ndinamubereka, amene ndikanamuzindikira m'khamu la anthu pamsika poona kapendekedwe ka phewa lake, sindinathe kumusiyanitsa ndi mnzake. Phewa lija anali ataliwongola kukampu.

"Wathu ndi wakumanjayo," ndinatero.

"Iye ankaganiza kuti tikhala kutsogolo kwawo," anayankha bambo ake. "Ngati ndi choncho, kumanja kwake kunali kwa munthu womuyang'ana kumaso. Ndiye kuti ndi wakumanzereyo."

Tinasiyira pomwepo. Panthawiyo zinalibe kanthu.

Pafupi nane panakhala mkulu wina wachizungu, wovala jekete yakuda yokhala ndi mamendulo ngakhale kunkatentha choncho. Ataona tikuloza, anafunsa ngati tili ndi mwana pabwalopo. Nditavomera anandigwira dzanja mwaulemu, nati iyenso anaimapo pabwalo lomweli ali mnyamata. Kenako anayang'ana kumwamba.

"Lero agwa," anatero, ngati munthu wonena za mvula. "Dzuwa ili si labwino. M'kati mwa chipewa chija mumatentha ngati mu uvuni."

Bandi inayamba. Ng'oma zinkamveka m'chifuwa, malipenga akunyezimira, akavalo akudutsa ndi anthu ovala zitsulo. Anthu ankajambula. Ine sindinaone zambiri mwa zimenezi. Maso anga anali pa misana iwiri ija, ndipo ndinkawerenga nthawi pa wotchi yanga ya kuntchito. Mphindi makumi awiri. Makumi atatu. Thukuta linkanditsika kumsana ndili m'diresi yopyapyala, nditakhala pansi, botolo la madzi lili m'manja.

Woyamba anagwa kutali, kumbali ina ya bwalo, woimba lipenga. Anthu anangoti "aa" motsitsa mawu, onse pamodzi. Amuna anayi anathamanga ndi machira, namunyamula, bandi osaphonya ngakhale kugunda kumodzi. Mkulu uja anagwedeza mutu.

"Wagwa bwino," anatero.

Mphindi makumi anayi zitakwana, ndinaona chimene ndinkaopa. Chipewa cha wakumanzere uja chinapendekera kutsogolo pang'ono, n'kubwerera. Wina aliyense sakanaona, koma ine ndaona odwala ambiri akuimirira koyamba atachitidwa opaleshoni. Ndinagwira mkono wa amuna anga.

"Bambo, taonani wakumanzereyo."

"Ndaona."

Chipewa chinapendekeranso. Dzanja lakuda limene linali lowongoka pambali pa thalauza linafumbata, n'kutambasuka, n'kufumbatanso. Ndinkamuyankhula mumtima ngati ali pa bedi la ku wadi: gwedeza zala, pumira m'kati, finya minofu ya m'miyendo. Anakhazikika. Inapita mphindi imodzi, mwina ziwiri, ndipo ndinayamba kupuma.

Kenako anagwa. Sanapinde bondo. Anapita kutsogolo yense wathunthu, pakati pa anthu awiri a mzere wakutsogolo, ndipo ngakhale bandi inkaimba ndikukhulupirira kuti ndinamva mfuti ikumenya miyala. Chipewa chinagubuduzika pang'ono. Chimene chinatiyang'ana ndi pansi pa jombo zake, misomali yake ikunyezimira.

Mawu amene anatuluka mwa ine sindinawakonze. Ndinati, "Ambuye, asakhale wanga." Ndinawanena kawiri kapena katatu, chapansipansi, ndikudziwa bwinobwino kuti pamzere umenewo anthu akuda analipo awiri okha, ndi kuti ngati sanali wanga ndiye anali ndani.

Ndinapezeka ndaimirira. Sindikudziwa kumene ndinkafuna kupita, chifukwa pakati pa ine ndi bwalolo panali mizere ya anthu, mpanda wachitsulo ndi apolisi. Mkulu wachizungu uja anandigwira m'chigongono.

"Khalani pansi, mayi. Sangakuloleni. Taonani, afika kale."

Anthu a machira anali atagwada pambali pake. Anamutembenuza, koma matupi awo anaphimba nkhope. Mmodzi anamasula kolala ya jekete. Wina anatenga nsalu yoyera n'kuiika kumaso kwake, ndipo pamene ankamunyamula nsaluyo inali itasintha mtundu. Wachinayi anatola chipewa ndi mfuti. Anadutsa naye kumbali yakutali, n'kulowa pachipata china.

Wakumanja uja sanasunthe. Mnzake anagwa pafupi ndi phazi lake, anthu anagwada pomwepo, magazi anatsala pamiyala, iye maso kutsogolo. Ndinamuyang'anitsitsa msana kuti mwina undiuze kanthu. Ngati anali mwana wanga, ndiye kuti mwana wanga angathe kuima chonchi mnzake akutuluka magazi. Ngati sanali mwana wanga, ndiye kuti mwana wanga ali pa machira. Msilikali wina anabwera chakumbuyo mwakachetechete n'kuima pamalo panatsala, mzere n'kukhalanso wathunthu.

"Munajambula?" ndinawafunsa bambo ake.

Anandionetsa foni. Chithunzi chonse chinali chofiira chosaoneka bwino.

Perete anapitirira pafupifupi ola lina. Pamene magulu anayamba kuguba mozungulira bwalo, ndinaganiza kuti tsopano tiona nkhope. Gulu lawo linadutsa chapatali, kawiri, koyamba pang'onopang'ono, kachiwiri mofulumira. Ndinaona chibwano chakuda chimodzi pansi pa chipewa, tcheni chachikasu chitadutsa pansi pa mlomo, maso osaoneka chifukwa cha ubweya.

"Ndi wathu," anatero bambo ake. "Mayendedwe akewo."

"Onse akuyenda chimodzimodzi, bambo."



Zitatha tinatuluka ndi khamu n'kukakhala pansi pa mtengo m'paki yapafupi. Ndinaimba foni ya mwana wanga: yozimitsa. Ndinaimba ya mnzake: yozimitsa. Ndinkadziwa kuti mafoni amawasiya kukampu, ndi kuti ayenera kuguba kubwerera, kubweza mfuti, kuvula, koma ndinkaimbabe. Ndinapita kwa wapolisi wina kumufunsa kumene amawatengera ogwa. Anandiyankha mwaulemu kuti sakudziwa, ndipo kuti a kukampu amaimbira abale zikakhala zoopsa. Anthu ankadya ayisikilimu, ana akuthamangitsa nkhunda. Amuna anga anagula madzi, nawagwira m'manja osatsegula. Tinakhala pamenepo kuyambira cha m'ma thwelofu mpaka thu koloko itadutsa, ndipo sindikukumbukira kuti tinayankhulana chiyani.

Meseji inabwera pa foni yanga. Inali ya mwana wanga, mizere iwiri. Anati iye ali bwino, amene wagwa ndi mnzake, amutengera kuchipatala, wathyoka mano ndipo akumusoka chibwano.

Ndinawapatsa bambo ake foniyo. Anawerenga, naibweza, n'kuphimba nkhope ndi chipewa chawo.  Ndinasangalala, sindingabise. Chisangalalocho chinakhala mwa ine mwina mphindi imodzi yathunthu ndisanakumbukire mbale ya mpunga ija ndi mphumi yotentha.

Mwana wanga anabwera m'mawa mwake tikuchokera kutchalitchi. Anakhala pampando wa m'khitchini osavula jekete. Bambo ake ndiwo anayamba kumufunsa, m'Chichewa, ngati wadya. Anati sanadye. Ine ndinadikira mpaka atamaliza tiyi.

"Unadziwa kuti agwa?"

"Ndinkamumva kupuma. Ndinamunong'oneza kuti agwedeze zala. Sitiloledwa, koma ndinamunong'oneza."

"Atagwa?"

Anayang'ana m'kapu. "Ndinamva mano, Mami. Ndinamva akuthyoka. Magazi anafika pa jombo yanga." Anakankhira kapuyo pambali. "Ndikanasuntha, sindikanamuthandiza kanthu. A machira anafika msanga kuposa mmene ine ndikanaikira mfuti pansi. Ndipo iye akanadzuka n'kumva kuti mzere unasokonekera chifukwa cha iye. Chimenecho chikanamupweteka kuposa mano."

Sindinagwirizane naye, ndipo mpaka lero sindigwirizana naye kwenikweni. Koma nkhaniyo ndinaisiyira pomwepo.

Mnzakeyo anamupatsa masiku opuma, ndipo poti analibe kopita, amuna anga anakamutenga pa galimoto. Analowa m'nyumba chibwano chili ndi bandeji, mlomo wotupa, mano awiri akutsogolo palibe. Kuchipatala anapeza kuti chimfine chija chinali chitalowa m'mapapo. Ndinamukonzera chipinda cha mwana wanga, n'kumamuphikira phala lamadzimadzi ndi supu wosefa, zimene ankamwa ndi kasupuni ka tiyi, mutu atapendeketsa.

Tsiku lachiwiri, ndikumusintha bandeji, anayankhula movutikira, mawu akutuluka m'mbali mwa kamwa.

"Amayi, pepani. Nenze kudziwa kuti muli kumbuyo kwathu. Pamene mdima unayamba, nenze kuganiza kuti nikagwa muzaona monga ni mwana wanu. Ndiye ninalimba, ninalimba, koma vinakanga."

Ndinamuuza kuti asayankhule, angaphwasule ulusi. Ndinamata pulasitala, n'kutola thonje, n'kupita kubafa, kumene ndinakhala nthawi yaitali kuposa imene imafunika posamba m'manja.

Madzulo ake anandipempha kuti ndiwaimbire mayi ake, chifukwa iye sankamveka bwino pa foni ndipo ankaopa kuti akamva mawu ake otero aganiza zoopsa. Ndinaimba. Anayankha mayi wa mawu otsika, nkhuku zikumveka kumbuyo. Ndinadzifotokoza kuti ndine mayi wa mnzake uja, namwino, ndipo ndinawauza zonse mwadongosolo monga timachitira kuntchito: anakomoka chifukwa cha kutentha ndi matenda a m'chifuwa, amusoka, mano adzamuikira ena, akumwa mankhwala, ali m'nyumba mwanga. Anamvetsera osandidula.

"Imwe munalipo pamene anagwa?" anafunsa.

"Ndinalipo, mayi."

"Munaona na maso?"

"Ndinaona."

"Basi, mtima wanga wakhala pansi. Nenze kulira kuti mwana wanga anagwa pakati pa alendo, palibe womupempherera. Kansi panali mayi."

Ndinati zikomo. Ndinamupatsa mnyamatayo foni kuti amve mawu a mayi ake, ine n'kutuluka.

Amuna anga ndinawapeza kuseri, akuthirira matimati amene amadzala m'zidebe. Ndinaima pambali pawo, n'kuwauza mawu amene ndinapemphera pa bwalo lija, ndendende mmene ndinawanenera. Ndinali ndisanauze munthu aliyense. Anapitiriza kuthirira mpaka chidebe chomaliza, natseka mpopi.

"Ndinakumvani," anatero. "Inenso ndinkanena zomwezo, kungoti chamumtima."

"Ndiye titani?"

"Palibe chochita. Mumudyetse achire."

Anakhala nafe masiku khumi ndi awiri. Ulusi ndinamuchotsa ndekha pa tebulo la m'khitchini, adokotala ake atavomereza. Mano anamuikira patapita miyezi, oyera kuposa anzake, ndipo anzake kukampu anamupatsa dzina lachipongwe limene anakana kundiuza. Palibe amene anamulanga chifukwa chogwa, koma sajeni wake anamukalipira kwambiri chifukwa chobisa matenda. Chaka chotsatira onse awiri anaimanso pa perete yemweyo, moyandikana. Matikiti anabwera awiri. Bambo ake anapita ndi mwana wathu wamkazi, mlongo wake wa msilikaliyo, ine ndinasinthana shifiti ndi mnzanga n'kukagwira ntchito, foni ili m'thumba la yunifomu.